Ndege ya Malemu Iyanagi

A Unno ndi a Totsuka sankamwerana madzi, ndipo m'kalabu yonse ya omanga tindege ta pulasitiki mumzinda wa Shizuoka panalibe amene sankadziwa. Kwa zaka pafupifupi makumi atatu ankakumana Loweruka lililonse m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yometera tsitsi ya a Iyanagi, wina pafupi ndi zenera, wina pafupi ndi chitseko, mwini shopu pakati ngati mpanda. A Unno, amene anakalambira padoko akukonza mainjini a maboti a asodzi, ankati bokosi la ndege limagulidwa kuti litsegulidwe, tizidutswa tidulidwe, timatidwe ndi guluu, ndege iime ndi miyendo yake. A Totsuka, mphunzitsi wopuma ntchito, anali ndi mabokosi mazana asanu ndi limodzi m'chipinda cham'mwamba, ndipo sanamangepo ndege ngakhale imodzi. Ankangowapukuta fumbi. A Unno ankawatchula anzawowo mlonda wa kumanda, a Totsuka n'kumabweza kuti wopha nyama.

A Iyanagi anamwalira kumapeto kwa Januwale wa 1997. Patatha masiku makumi anayi ndi asanu ndi anayi, wansembe atamaliza mapemphero n'kupita, mkazi wa malemu, mayi Sumie, anayala pamphasa zinthu za amuna awo kuti abale ndi abwenzi atengepo zikumbutso monga mwa mwambo. Wina anatenga wotchi, wina malumo ometera, wina jekete. Potsiriza mayiwo anatulutsa bokosi lofwifwa m'makona, pamwamba pake pali chithunzi cha ndege yobiriwira ikukwera m'mitambo.

Inali Raiden, ndege yankhondo yonenepa mimba ija, yopangidwa ndi kampani ya Kogamo mu 1963. Kampaniyo inafa kalekale, zikombole zake n'kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha. Thumba losungira tizidutswa linali likadali lomata monga linachokera kufakitale. Amuna awiri aja anatambasula manja nthawi imodzi.

"Mayi, imeneyo ndi yanga," anatero a Unno. "Kuchipatala anandigwira dzanja. Anati, Shigeharu, manja angawa anayamba kunjenjemera ndisanaimange. Undimangire, ikaime patebulo pa chionetsero cha mu Meyi, dzina langa lili pansi pake."

Zinali zoona. A Unno analonjeza tsiku lomwelo, ndipo atatuluka m'chipatala analira pamalo oimika njinga, munthu amene sanalirepo pamaliro a bambo ake.

"Mboni yanu ndani?" anafunsa a Totsuka akukonza magalasi. "Botolo la diripi?"

"Mukuti ndikunama?"

"Ndikuti zosatsegula ngati imeneyi m'dziko lonse lino sizikwana zisanu. Ndiye tiipereke kwa munthu wonunkha dizilo?"

"Nanga inu muitani nayo? Muiike pamulu, muziigwadira?"

"Ndiisunga."

"Mpaka liti, akulu? Mpaka mwana wanu adzaitaye kudzala pamodzi ndi mano anu oikirira?"

Anakangana choncho pamaso pa kaguwa ka m'nyumba, lubani akufuka, chithunzi cha malemu chikuwayang'ana. Mayi Sumie anadzuka n'kubwera ndi sizasi ya kukhitchini. Anatulutsa thumba lija m'bokosi, n'kulidula kuchokera uku mpaka uko. A Totsuka anabuula ngati wina wawaponda chala.

"Inu mumakonda zam'kati, tengani," anatero mayiwo, akukankhira zimango ziwiri za pulasitiki zogwira tizidutswa kwa a Unno. "Inu mumakonda mabokosi, nali. Imwani tiyi, muzipita."

Munthu wanzeru akanapita kwawo, n'kugona, n'kuyamba ntchito mtima utatsika. A Unno anafika kunyumba akadali ndi suti yakuda, anakhala pampando, n'kudula tizidutswa tonse makumi atatu ndi tinayi masana omwewo. Zimango zotsalazo, zopanda kanthu ngati minga za nsomba yodyedwa kale, anaziika mu envulopu yopita kwa a Totsuka, n'kulembapo kakalata: "Sungani izi. Sizinamangidwe." Anapita nazo ku positi ofesi akuimba mluzu.

M'mawa mwake ndi pamene anakumbukira zomata.

Bokosi lililonse limakhala ndi kapepala ka zizindikiro zomata, zimene amazinyika m'madzi kuti zisunthire pandege: timadzuwa tofiira tisanu ndi kamodzi ta pamapiko ndi m'mbali, ndi manambala a pamchira. Kapepalako sikakhala m'thumba. Kamagona pansi pa bokosi, kunsi kwa pepala la malangizo. Ndipo bokosi linali kwa a Totsuka.

"Bwanji osangopenta ndi burashi?" anafunsa akazi awo, mayi Chiyoko, akuthira msuzi m'mbale. "Si kadontho kofiira chabe?"

Yankho lake linali lochititsa manyazi. Tebulo la ndege zakale pa chionetsero linali ndi lamulo lake: kupatula guluu ndi utoto wa thupi, chilichonse chokhala pandege chizichokera m'bokosi la ndege yomweyo. Zizindikiro zopenta pamanja ayi, zobwereka m'bokosi lina ayi. Ndege yosatha siikidwa patebulo, ndipo naini koloko ikakwana, zitseko zikatsegulidwa, palibenso choikapo. Lamulolo analemba ndi a Unno eni ake zaka khumi zapitazo, pofuna kuchotsa dokotala wina wa mano amene ankadzionetsera ndi tizitsulo togula kunja. Tsiku limenelo anamenya tebulo ndi chibakera, anthu n'kuwomba m'manja.

Anaimanga ndegeyo milungu inayi, ndipo tisawanamizire, munthuyu ankadziwa ntchito. Pulasitiki wa 1963 ndi wouma khosi. Mapiko sankakumana bwino ndi thupi, kagalasi ka woyendetsa kanali kokhuthala ngati pansi pa botolo. Anapala, anatseka ming'alu, anapalanso, anapenta pamwamba kubiriwira kwakuda, pansi kutuwa, m'mphepete mwa mapiko kachikasu. Itauma anaiika padzanja n'kuizunguza pafupi ndi zenera. Inali yokongola, koma inalibe dziko, inalibe nambala. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pakati pa Epulo anagula makeke ampunga m'kabokosi kokulunga bwino, n'kukwera njinga kupita kwa a Totsuka.

Asanatsike n'komwe panjinga anakaona. Kapepala ka zomata kanali komatidwa ndi tepi pa zenera lam'mwamba, nkhope yake kunja, timadzuwa tisanu ndi kamodzi tili psuu. Osunga mabokosi amatero pofuna kuti dzuwa liyeretse chikasu cha ukalamba. Koma zenera limeneli linali loyang'ana kumsewu, ndipo nyumbayo inali ndi mazenera ena atatu oyang'ana kumunda.

A Totsuka sanawauze kuti avule nsapato alowe. Anawaimika pakhomo pomwepo, iwo ali pamwamba pa sitepe, mlendo pansi. Pakhoma, pamalo pomwe anthu ena amapachika chithunzi cha phiri, panapachikidwa zimango ziwiri zopanda kanthu zija, kakalata kali pansi pake.

"Mphatso yanu ndinalandira," anatero. "Alendo anga onse amaiwerenga."

"Ndabwera ndi timakeke."

"Ndili ndi shuga."

A Unno anatsitsa kabokosi ka makeke. "A Totsuka, tonse takula. Ndinalakwa kutumiza zimenezo. Pepani."

"Pepani sapoletsa chilonda, amwene."

"Ndikupempha kapepala kaja. Si za ine ayi, ndi za Iyanagi."

"Ooh, lero mwakumbukira Iyanagi? Pamene munkadula, munkamukumbukira? Zaka makumi atatu ndi zinayi chinthu chili bwinobwino, inu masana amodzi okha! Chabwino, tisinthane. Mundibwezere tizidutswa tonse pazimango izi monga tinalili, ine ndikupatsani kapepala."

"Musandiseke."

"Mwalephera? Ndimayesa ndinu katswiri wa guluu."

Apa a Unno anapsa mtima. Anaiwala kuti anabwera kudzapempha. "Iwe Masaji, moyo wako wonse sunapangepo kanthu. Ana a eni ake unkangowalembera mizere yofiira m'makope. Ndege mazana asanu ndi limodzi, palibe imene inaonapo kunja. Ukamwalira adzakuika m'bokosi, ndipo ukasangalala, chifukwa sadzakutsegulanso."

A Totsuka anatuwa kumaso. Kenako anamwetulira kumwetulira kumene ana asukulu ankakuopa kuposa ndodo.

"Mudzakalandira," anatero mofatsa. "Ndidzabwera nako ndekha chionetsero chisanatsegulidwe. Ndalonjeza, ndipo ine lonjezo langa lili ndi mboni, akazi anga akumva m'khitchinimo."

"Ndikukafuna masiku awiri chisanafike. Mukudziwa kuti zomata zakale zimafunika kuzipaka vanishi kaye, ziume, apo ayi zimasweka m'madzi."

"Ine mlonda wa kumanda, za vanishi ndingazidziwe bwanji?" Ndipo anatseka chitseko pang'onopang'ono, mwaulemu.

Milungu inayi yotsatira a Unno anaimba foni kasanu. Anatumiza kalata. Anapita kwa wapampando wa kalabu, mayi Katsumata, wogulitsa mankhwala amene ankamanga sitima zankhondo zapamadzi ndipo sankaseka kawirikawiri, kukapempha kuti lamulo lifewetsedwe chaka chino chokha, poti ndi za malemu.

"Dokotala wa mano uja anapemphanso chimodzimodzi," anatero mayiwo. "Munamuyankha kuti lamulo lilibe m'bale. Zinalembedwa m'kaundula wa msonkhano. Ndikuwerengereni?"

Tsiku lililonse lowala a Unno ankayang'ana kumwamba n'kumva kuwawa, podziwa kuti dzuwa lomwelo likuwotcha kapepala kaja pazenera.

Loweruka la chionetsero anafika muholo seveni koloko. Matebulo anali atayalidwa nsalu zabuluu, makalabu ochokera kutali akumasula makatoni awo. Pakati pa tebulo la ndege zakale mayi Katsumata anasiya malo, n'kuimikapo kakhadi kolembedwa bwino: Iyanagi Tomekichi, woyambitsa kalabu. A Unno anakhala pakampando kuseri kwa tebulo, ndege ili m'bokosi la nsapato pamiyendo pawo. Anali atabweretsa kambale, fulasiki ya madzi ofunda, sizasi, kachitsulo kopanira, burashi yofewa, ndi kabotolo ka vanishi, mwina munthu uja akanabwera msanga.

A Totsuka analowa nthawi itatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu kuti ikwane naini. Anavala taye. M'khwapa ananyamula bokosi la Raiden lokulungidwa m'nsalu. Anayenda mosathamanga, akupereka moni tebulo ndi tebulo, kufunsa za ana ndi za mawondo. Atafika anamasula nsalu, anatsegula bokosi, n'kupereka kapepala ndi manja awiri, atawerama.

"Chionetsero sichinatsegulidwe," anatero mokweza kuti onse amve. "Ndasunga mawu anga."

Kapepalako kanali koyera mbee, kouma ngati tsamba la m'chilimwe. A Unno anakapendeka pakuwala n'kuona timing'alu tating'ono ngati tsitsi pa kadzuwa kalikonse. Vanishi akanafuna usiku wonse kuti aume. Anthu a m'kalabu anali atayamba kuunjikana, ndipo aliyense wa iwo ankadziwa zimene a Unno ankadziwa.

"Akulu, musanyike," ananong'ona wina kumbuyo. "Dikirani chaka chamawa."

Koma lonjezo linali la Meyi uno, chionetsero cha chaka cha makumi atatu, ndipo a Totsuka anali ataima pompo manja kumbuyo ngati woyang'anira mayeso. A Unno anathira madzi m'kambale. Anadula kadzuwa koyamba, ka pansi pa phiko, n'kukanyika. Anawerenga mumtima mpaka makumi awiri. Anakatulutsa, n'kukakhudza ndi nsonga ya burashi pang'ono chabe.

Kananyenyeka pomwepo. Tizidutswa tofiira tinayandama m'madzi ngati tsabola wopera.

"Ha!" anaseka a Totsuka. "Katswiri!"

A Unno anadula kachiwiri. Ulendo uno sanakanyike, anakagoneka pansalu yonyowa kuti madzi alowe kunsi. Kanasuntha bwinobwino mpaka theka litafika paphiko, mtima wawo n'kudumpha, kenako kanang'ambika pakati, theka lina n'kumwazika pachala. Anayesa kulumikiza tizidutswa ndi burashi. Kalikonse kamene ankakhudza kankasanduka tiwiri.

Kachitatu kanasweka kakadali m'mbale.

A Totsuka anali atasiya kuseka. Iwo ankayembekeza kuti mdani wawo ayang'ana kapepalako, agwa mphwayi, awabwezera pamaso pa anthu, bokosi lawo likhalanso ndi zomata zake zonse. Sanaganizepo kuti munthu angadule chinthu akudziwa kuti chiwonongeka. Zaka zonsezi sanamudziwe mnzawo.

"Basi," anatero. "Mwaona nokha kuti sizitheka. Bweretsani zotsalazo."

A Unno anadula kachinayi.

"Ndati basi! Shigeharu! Palibenso kapepala kena ngati kameneka!"

"Munandipatsa ndi manja awiri. Anthu onsewa ndi mboni."

Kachinayi kanatha ngati anzake. A Unno tsopano ankadziwa kuti ndege siikwera patebulo, pakuti timadzuwa tiwiri sitingakwane malo asanu ndi limodzi. Za Iyanagi zinali zitatha. Chimene chinatsala m'chifuwa mwawo chinali chidani chokhachokha, chotentha, ndipo anachimva kukoma. Anadula kachisanu akuwayang'ana a Totsuka m'maso, n'kukaponya m'madzi osayesa n'komwe kukatulutsa.

A Totsuka anawagwira mkono. Magalasi awo anali atatsetsereka pamphuno.

"Chonde," anatero ndi mawu amene palibe anawamvapo m'kalabumo. "Kamodzi kokha. Ndisiyireni kamodzi, bokosi lisakhale lopanda kanthu. Ndikupepesa, wamva? Ndinachita dala. Ndikupepesa."

Muholo monse munali phokoso la makatoni ndi mipando. A Unno anayang'ana dzanja lowagwiralo, lokalamba ngati lawo lomwe. Akanatha kusiya. Anasinthira sizasi kudzanja lamanzere, n'kudula kotsiriza pakati penipeni.

Belu linalira. Mayi Katsumata anayang'ana wotchi, kenako ndege imene inali ndi kachidutswa kofiira kokhota pansi pa phiko limodzi.

"Siinathe," anatero. "Ichotseni, a Unno. Pukutaninso madziwo, anthu akulowa."

Anaibweza m'bokosi la nsapato n'kuikankhira pansi pa tebulo, kuseri kwa nsalu. Pamenepo kukoma kuja kunali kutatha, m'kamwa mwangotsala kuwawa.

Mayi Sumie anali m'gulu la oyamba kulowa. Anavala zakuda, pachifuwa atakumbatira chithunzi cha amuna awo m'kafelemu, kuti nawonso aone. Anayenda molunjika ku tebulo la ndege zakale, anawerenga kakhadi, n'kuyang'ana malo opanda kanthu kumbuyo kwake. Anayang'ana kambale ka madzi ofiirira kamene a Unno anali asanabise, ndi bokosi lotsegula m'manja mwa a Totsuka.

"Ili kuti?" anafunsa.

"Mayi, munthu uyu anasunga zomata mpaka..." anayamba a Unno.

"Mayi, wadula zonse dala, pamaso pa..." anayambanso a Totsuka.

"Ndafunsa kuti ili kuti."

A Unno anagwada, mawondo akulira, n'kutulutsa bokosi la nsapato. Mayiwo anayang'ana m'katimo nthawi yaitali. Kenako anatembenuza chithunzi chija kuti nkhope ya amuna awo iyang'ane pachifuwa chawo.

"Masiku ake omaliza ankandifunsa kuti, Sumie, ndikapita awiri aja adzakhala bwanji?" anatero. "Ine ndinkati, ndi akuluakulu, gonani. Ndinamunamiza munthu akumwalira chifukwa cha inu."

Anatola kakhadi kolembedwa dzina la amuna awo patebulo, anakaika m'chikwama, n'kutuluka. Mayi Katsumata anasendeza ndege ziwiri zoyandikana kuti zitseke mpatawo.